Mlandu Suola: Ngongole ya Mafuta Okwiririka Pansi pa Nthaka

Kutamandidwa nkwa Allah amene anatsitsa madzi kuchokera kumitambo nawasunga m'mimba mwa nthaka kuti zolengedwa zake zimwe. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, milandu yambiri imazengeka chifukwa wolakwa ndi wolakwiridwa onse amaoneka pabwalo. Koma ilipo ina imene wolakwa anachoka kalekale, wolakwiridwa sakudziwa n'komwe kuti walakwiridwa, ndipo umboni uli pansi pa nthaka. Umodzi mwa milandu yotereyi ndi wa mafuta agalimoto. Munthu akasunga petulo kapena dizilo pamalo kwa zaka, mafutawo nadontha nalowa pansi, kenako iye nasamuka, nagulitsa malowo kapena namwalira, kodi udindo woyeretsa dothi ndi madzi oipitsidwawo utsalira yani? Kodi choipa chimene chakwiririka, chimene palibe akuchiona, chimakhalabe mlandu?

Tiyeni tiyambire pa Kamwendo, m'boma la Mchinji. Msika umenewu uli pa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita kumalire a dziko lino ndi Zambia, ndipo pomwepo ndi pamene pamapatukira msewu wa M18 wolowera ku Kasungu. Malo otere amapuma ndi mafuta: malole onyamula chimanga, soya, mtedza ndi fodya, maminibasi, njinga zamoto za kabaza, zigayo za dizilo ndi majenereta a m'mashopu. Sitikuloza chala munthu kapena kampani iliyonse. Tikungonena chimene aliyense wogwira mafuta amachidziwa. Paliponse pamene mafuta asungidwa nthawi yaitali, kaya m'thanki yokwiriridwa pansi pa mpope, m'madiramu kuseri kwa chigayo, kapena m'zigubu m'chipinda, ena mwa iwo amathera m'dothi.

M'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira mu 2022, dziko lino laona mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta. Nthawi zoterezi malonda a mafuta a m'zigubu amaphuka m'misika ya m'mbali mwa misewu, makamaka kufupi ndi malire kumene mitengo ya mbali ziwiri imasiyana. Bungwe la MERA limaletsa malondawa, choncho mafutawo amabisidwa m'nyumba, m'nkhokwe ndi m'maenje. Chimene tonse timachiopa pamenepa ndi moto, ndipo nzoona moto ngoopsa: mu November 2016 anthu oposa 70 anafa pa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pamene thankala yonyamula mafuta obwera kuno inaphulika. Koma moto umaoneka, umalirisa anthu tsiku lomwelo, ndipo umazima. Kudontha kulibe utsi, kulibe mfuwu, ndipo kumapitirirabe ngakhale chigubu chitachotsedwa. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limakwana malita oposa 1,500 pa chaka.

Mwina wowerenga wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota afunsa kuti za ku Mchinji zimukhudza bwanji. Mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera kukaswana, umayambira ku Mchinji n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Akumtunda ndi akunyanja timamwera chikho chimodzi. Komanso vutoli lili pakhomo pathu penipeni. Pa gombe lililonse pali malo amene asodzi amasungirapo petulo wa injini za maboti ndi kusakanizirapo oyilo. Pa madoko a Chipoka ndi Chilumba panamangidwa mathanki a mafuta m'nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za Beira ndi Nacala, katundu n'kumadzera ku Dar es Salaam. Ndipo dothi la kunyanja ndi mchenga, madzi ali pafupi. Chimene ku Kamwendo chingatenge nthawi kuti chifike pa madzi, kwathu chimafika msanga.

Zimene zimachitika pansi

Mafuta akatayika, ena amauluka ndi mphepo, koma ena amalowa m'timipata ta dothi, namatsika pang'onopang'ono mpaka kukafika pamene payambira madzi a pansi pa nthaka, madzi omwewo amene timatunga pachitsime ndi pamjigo. Popeza mafuta ngopepuka kuposa madzi, amayandama pamwamba pake. M'dzinja madziwo amakwera, m'chilimwe amatsika, ndipo pokwera ndi kutsikapo amapaka mafutawo m'dothi lonse la pakati. Dothi limenelo limasanduka ngati siponji yonyowa ndi mafuta, imene imatulutsa poizoni pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Chifukwatu si mafuta onse amene amangoyandama. Muli zinthu zina zimene zimasungunuka m'madzi ngati mchere, n'kumayenda nawo kulowera kumene madziwo akutsetserekera.

Choopsa kwambiri mwa zinthu zimenezi ndi benzene, amene amapezeka mu petulo ndipo madokotala anatsimikiza kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire akuti m'madzi akumwa benzene asapitirire galamu imodzi pa malita 100,000 alionse. Kunena kwina, supuni yaing'ono imodzi ya benzene ingafikitse pa malirewo madzi oposa malita 400,000, ndiko kuti ndowa 20,000 za malita 20. Pa mlingo wochepa chotere mphuno siimva kanthu, lilime silizindikira, ndipo madzi amaoneka oyera mbee. Pamene fungo la petulo layamba kumveka m'ndowa, banja limakhala litamwa kale kwa nthawi.

Pali chinanso. Mpaka kumayambiriro kwa chaka cha 2006, m'maiko a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara munkagulitsidwa petulo wothira mtovu. Mtovu suola ndipo umaononga ubongo wa ana. Malo amene ankasungirapo petulo kale chakacho chisanafike angakhale nawobe m'dothi. Mankhwala a kolorini amene timathira m'madzi amapha tizilombo ta kolera, koma sachotsa mafuta kapena mtovu. Tidziwenso kuti poizoni wa mafuta kawirikawiri sapita kutali kwambiri pansi pa nthaka: amayenda mamita makumi angapo kapena mazana ochepa. Ameneyu ndi mtunda wa pakati pa nyumba ndi nyumba. Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, koma choipa ichi chimatsata woyandikana naye, amene Chisilamu chinatilamula kumuchitira zabwino kaya ndi Msilamu kapena ayi.

Madzi a twahara ndi madzi abwino kumwa

M'madrasa athu phunziro loyamba la Fiqh ndi la madzi. Timaphunzitsa ana kuti madzi amayesedwa ndi zinthu zitatu: mtundu, kakomedwe ndi fungo. Timawaphunzitsa za mlingo wa makula awiri, pafupifupi malita 200 kapena diramu imodzi, umene m'madh-hab a Imam Shafi'i umasiyanitsa madzi ochepa ndi ochuluka najisi ikagweramo. Mabuku omwewo amasiyanitsanso chinthu chosungunuka m'madzi ndi chinthu chongoyandama pamwamba monga mafuta. Malamulo amenewa ngoona ndipo amayankha funso lake: kodi madzi awa ndingachitire udhu? Koma petulo si najisi monga mkodzo kapena magazi. Nzotheka madzi kukhala oyenera kuchitira udhu pamene ali osayenera kumwetsa mwana. Funso la twahara ndi lina, funso la poizoni ndi lina, ndipo tisalole kuti yankho la loyamba litigonetse tulo pa lachiwiri.

Funso lachiwirili lili pansi pa lamulo lina lalikulu la Shariya, loletsa kudzipweteka ndi kupweteka ena. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analetsa kudzithandiza pamalo otungira madzi, panjira ndi pamthunzi pamene anthu amapumira, analetsanso kukodza m'madzi odikha. Anaphunzitsa kuti anthu onse ali ndi gawo m'madzi, msipu ndi moto. Pa maziko amenewa maulama akale anakhazikitsa lamulo la harimu, malo ozungulira chitsime amene munthu saloledwa kuchitapo chilichonse choononga madziwo. Ambiri anatchula mikono 40 mbali iliyonse. Alangizi a zaumoyo masiku ano amatiuza kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime ndi mamita 30. Nzeru yake ndi yomweyo: chitsime sichithera pa mlomo wake, chimamwa kuchokera m'dothi lonse lochizungulira. Ngati chimbudzi chaletsedwa, nanga bwanji dzenje la zigubu za petulo?

Mlandu suola

Wina anganene kuti zakale nzakale: amene anataya mafutawo anapita, pamalopo pamera udzu, tiyeni tiiwale. Maulama analiganizira kale funsoli. M'zaka za pakati pa 1869 ndi 1876, mu ufumu wa Ottoman munalembedwa buku la malamulo a Fiqh lotchedwa Majalla, limene linayamba ndi mfundo zikuluzikulu za Shariya. Mfundo ina imavomereza kuti chinthu chimene chakhalapo kuyambira kale, monga njira kapena ngalande, chisiyidwe momwe chilili. Koma mfundo yotsatira pomwepo imaika malire: ngati chinthucho chikupweteka anthu, ukale wake suchipatsa chilolezo. Makolo athu ananena zomwezo m'mawu awiri: mlandu suola. Kupita kwa zaka kumafafaniza chikumbumtima cha anthu, koma sikufafaniza ufulu wa mwana amene akumwa madziwo lero.

Kuti tione kutalika kwa mlandu wotere, tiyang'ane kumaiko ena kumene anayeza n'kulemba. Mu August 2011, bungwe la United Nations loona zachilengedwe la UNEP linatulutsa lipoti la dera la Ogoni ku Nigeria. Pamudzi wa Nisisioken Ogale anapeza mabanja akumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene wopitirira malire a WHO maulendo oposa 900, ndipo pamwamba pa madzi a pansi pankayandama mafuta ochindikala masentimita 8. Lipotilo linati kukonzanso deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30. Ku Hawaii, m'dziko la America, asilikali apamadzi anali ndi mathanki 20 a mafuta pansi pa phiri la Red Hill, omangidwa pakati pa 1940 ndi 1943. Mu November 2021 mafuta a ndege anatayika nalowa m'madzi amene anthu pafupifupi 93,000 ankamwa, ndipo mu 2022 boma linalamula kuti malowo atsekedwe. Ngati dziko lolemera chotere linalephera kuteteza madzi ake ku mathanki okalamba, ife tisadzinamize kuti chitsulo chathu sichichita dzimbiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndani alipire?

Woyamba ndi amene anataya. M'Shariya, woononga chinthu cha mnzake amalipira, kaya anachita dala kaya mwangozi. Kusafuna kumachotsa tchimo koma sikuchotsa chipukuta misozi. Malamulo a dziko lino akugwirizana nazo. Lamulo loyendetsera zachilengedwe la chaka cha 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limatsata mfundo yakuti woipitsa ndiye asenze mtengo wokonzera, ndipo gawo 13 la malamulo aakulu a dziko limatchula ufulu wa mibadwo yam'tsogolo pa zachilengedwe. Choncho kampani kapena munthu amene akutseka malo osungira mafuta sanamalize ntchito pongochotsa mpope ndi chikwangwani. Wamaliza pokhapokha thanki itafukulidwa, dothi litayezedwa, ndipo chimene chapezeka chitakonzedwa.

Apa mtima umatsutsa: nanga mnyamata wa zigubu pa Kamwendo, amene akungofuna ufa wa ana ake, tingamuyike pa sikelo imodzi ndi kampani? Ayi, Allah sasenzetsa munthu zoposa mphamvu zake, ndipo wopeza zambiri adzafunsidwa zambiri. Koma umphawi umachepetsa mlingo wa malipiro, suchotsa udindo. Amene akumwa pachitsime choyandikanacho nayenso ndi mmphawi, mwina woposa wogulitsayo, ndipo alibe ndalama zogulira madzi a m'botolo kapena zopitira kuchipatala cha khansa. Chifundo chimene chimayang'ana wogulitsa yekha n'kuiwala womwa ndi chifundo cha diso limodzi. Wosauka sangalembe akatswiri, koma angathe kusiya, angathe kusonyeza pamene ankabisa zigubu, angathe kugwira fosholo.

Wachiwiri ndi wolowa m'malo mwa womwalira. Qur'an imaphunzitsa mobwerezabwereza kuti palibe munthu amene adzasenze tchimo la mnzake. Mwana sadzafunsidwa chifukwa cha dizilo amene bambo ake anataya kuseri kwa chigayo. Koma tchimo ndi ngongole nzosiyana. M'Surat An-Nisa, ndime zogawa chuma cha masiye zimabwereza kuti kugawako kumadza pambuyo pa wasiya ndi ngongole. Timadziwa dongosolo lake: zofunika pa maliro, ngongole, wasiya, kenako mirathi. Tikamafunsa pa maliro kuti alipo amene malemu anali naye ngongole, timaganiza za ndalama za m'thumba zokha. Koma ngati chigayo ndi malo ake zili m'chuma chosiyidwacho, ndipo pansi pake pali choononga chitsime cha anthu, imeneyonso ndi ngongole yomata pa chumacho. Ana salipira kuchokera m'thumba mwawo kuposa zimene malemu anasiya, koma sayenera kudya phindu la malowo n'kusiyira oyandikana nawo poizoni wake. Kuyeretsa malowo ndi mphatso yaikulu kwa kholo limene lili m'manda.

Wachitatu ndi wogulitsa malo. Tonse timaidziwa nkhani ya Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pamene anadutsa pa mulu wa chakudya pamsika, nalowetsa dzanja lake mkati, napeza kuti pansi nponyowa pamene pamwamba npouma, ndipo anadzudzula mwini wake chifukwa chobisa chilemacho. Malo amene kale anali osungira mafuta, lero apakidwa penti n'kuikidwa pa malonda ngati puloti yomangapo nyumba, ndi mulu womwewo. Wogula adzakumba chitsime, ana ake adzasewera m'dothilo. Kubisa mbiri ya malo ndi chinyengo, ndipo Shariya imapatsa wogula ufulu wobweza katundu wa chilema chobisika. Mkhalapakati wa malonda, mfumu yochitira umboni, ndi woyandikana naye amene akudziwa koma wakhala chete, onse ali ndi gawo lawo.

Nanga ngati onsewa palibe? Kampani inatha, mwini anawoloka malire, chuma chinagawidwa kalekale. Apa ndi pamene funso limafika pa ife. Chisilamu chili ndi udindo wotchedwa faradhi kifaya: ena akauchita onse apepukidwa, koma onse akausiya onse achimwa. Timauzindikira bwino pa kusambitsa ndi kuika maliro. Palibe amene amafunsa ngati iye ndiye anapha munthuyo asanagwire khasu la kumanda. Kuchotsa choopsa pa madzi a anthu kuli m'gulu lomwelo. Ndipo tisadziyese alendo pa mlanduwu. Maulama amati amene wadya phindu la chinthu asenzenso mtolo wake. Mafuta a m'zigubuwo anagulidwa ndi yani? Ndife amene tinakwera kabaza, tinagayitsa chimanga, tinapita kukawedza usipa ndi injini. Ku America, kuyambira mu 1986, pa galoni iliyonse ya mafuta amadulapo gawo limodzi mwa magawo khumi a senti kuika m'thumba loyeretsera malo amene mathanki a pansi anadontha. Kuno kwathu mtengo wa mafuta uli kale ndi misonkho ya misewu ndi ya magetsi akumidzi. Dziko limene linamanga nkhokwe za mafuta za malita 60 miliyoni ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu pansi pa kampani ya NOCMA liyenera kuganiziranso za thumba lokonzera malo amasiye otere, ndipo nzoyenera kuti Asilamu tikhale m'gulu la olankhulapo.

Kuyeretsa kwake

Madzi akatayika saoleka, koma dothi ndi madzi a pansi zimatheka kukonzedwa, ngakhale ndi ntchito ya thukuta. Choyamba ndi kutseka gwero: kupopa mafuta otsala, kufukula thanki ndi mapaipi ake. Chachiwiri ndi kufufuza: akatswiri amaboola timijigo toyezera mozungulira malowo, natumiza dothi ndi madzi ku labotale kuti adziwe kumene poizoni walowera ndi pamene wafika. Chachitatu ndi kuchotsa. Dothi lonyowa ndi mafuta limakumbidwa n'kuyalidwa pamalo otetezedwa pansi pake, kumene limatembenuzidwa kawirikawiri ndi kuthiridwa manyowa kapena feteleza, kuti tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso tidye mafutawo. Mafuta oyandama pa madzi amapopedwa. Pena amalowetsa mpweya pansi ndi mapaipi n'kuyamwa nthunzi ya mafutayo. Pena amapopa madziwo n'kuwasefa ndi makala okonzedwa mwapadera. Chachinayi ndi kuyezabe kwa zaka mpaka zotsatira zitasonyeza kuti ngozi yatha. Ndipo nthawi yonseyi, anthu okhudzidwa ayenera kupatsidwa madzi ena akumwa kuyambira tsiku loyamba.

Pomva za tizilomboti, wina anganene kuti ndiye tingosiya, nthaka idziyeretsa yokha. Muli choonadi pang'ono m'mawuwa: Allah anaikadi m'dothi zolengedwa zimene zimaphwanya mafuta, ndipo ngakhale akatswiri nthawi zina amasiya chilengedwe chigwire ntchito. Koma amatero atachotsa gwero, akuyeza madzi nthawi ndi nthawi, ndiponso atatsimikiza kuti palibe amene akumwa. Pansi pamene mpweya ngochepa ntchitoyi imachedwa zaka zambiri, ndipo mtovu sudyedwa ndi kachilombo kalikonse. Kudalira Allah ndi kumanga ngamira kenako n'kuyadzamira kwa Iye. Kusiya poizoni pafupi ndi chitsime n'kumati Allah ayeretsa si tawakkul, ndi ulesi wovala mkanjo.

Woganiza mozama aona kuti ndondomeko yoyeretsera malo ikufanana ndi ndondomeko ya toba. Maulama amati kulapa kuli ndi nsanamira zitatu: kusiya tchimolo, kumva chisoni, ndi kutsimikiza kusabwereranso. Koma ngati tchimolo lakhudza munthu wina, pali nsanamira yachinayi: kubweza chimene unamulanda kapena kupeza chikhululuko chake. Istighfar ya pakamwa siifukula thanki. Amene anaipitsa madzi a anthu napita ku Hajj asanakonze, wapita ndi katundu wa eni pamsana.

Zimene tingayambe lero

Mutu umodzi susenza denga, koma mzikiti uliwonse uli ndi komiti, ndipo mudzi uliwonse uli ndi komiti ya mjigo. Tisanakumbe chitsime kapena kuboola mjigo, tifunse akuluakulu a pamalopo kuti kale pankachitika chiyani. Chikumbumtima cha agogo ndi mapu amene boma lilibe. Chitsime chikayamba kununkha palafini kapena petulo, kapena pamwamba pa madzi pakaoneka timitundu ta utawaleza, tisiye kumwa ndi kuphikira nthawi yomweyo, ndipo tikanene kwa alangizi a zaumoyo, ku ofesi ya zamadzi ndi ya zachilengedwe kwa bwanamkubwa. Eni zigayo, magalaja ndi maboti asunge mafuta pa simenti yokhala ndi kakhoma kozungulira, pansi pa denga, kutali ndi madzi. Oyilo wakuda asathiridwe m'dzenje, m'chimbudzi, kapena pamchenga wa gombe. Ogulitsa malo anene mbiri yake pamaso pa mboni. Ndipo ife aphunzitsi, pophunzitsa mlango wa madzi, tiwonjezere phunziro la harimu ndi la kusapweteka ena, kuti mwana adziwe kuti kuteteza chitsime ndi ibada.

Timakonda kukumbutsana za Uthman bin Affan, Allah asangalale naye, amene anagula chitsime cha Ruma ku Madina nachipereka kuti anthu azimwa ulere. Chifukwa cha chitsanzo chake, lero mijigo yambiri m'midzi yathu inaboodwa ngati sadaka yopitirira, ndipo mwini wake amalandira malipiro ngakhale ali m'manda. Koma Surat Yasin, imene timaiwerenga kawirikawiri, imatiuza kuti zolembedwa si ntchito zokha zimene munthu anatsogoza. Amalembedwanso mapazi amene anasiya m'mbuyo. Ngati chabwino chimayenda pansi pa nthaka n'kumafikira mwini wake, choipanso chimayenda njira yomweyo. Dzina la woboola mjigo limalembedwa pa simenti. Dzina la woyeretsa malo oipitsidwa sililembedwa paliponse, chifukwa zotsatira za ntchito yake ndi matenda amene sanabwere ndi maliro amene sanachitike. Komatu Amene amadziwa za pansi pa nthaka amaona zonsezi.

Yankho la funso lathu ndi ili: choipa chokwiririka ndi ngongole ndithu. Mwini wake woyamba ndi wotaya, kenako chuma chimene anasiya, kenako wodziwa amene akugulitsa. Ndipo onsewa akasowa, ngongoleyo siifa, imagwera ife amoyo. Ndime yomaliza ya Surat Al-Mulk imafunsa anthu za tsiku limene madzi awo angaphwe n'kulowa pansi pamene sangawafikire. Madzi okhala ndi poizoni ndi madzi otayika chimodzimodzi, ngakhale ndowa ikudzaza.

Tikupempha Allah atikhululukire zimene manja athu anataya modziwa ndi mosadziwa, atipatse mphamvu zobweza za eni tisanaitanidwe, ndipo asunge zitsime za ku Kamwendo, za kunyanja ndi za dziko lonse kuti ana athu adzamwe mopanda mantha. Aamiin.